Injini ya Pakhonde

Pakhonde pa nyumba ya Mphenzi panali injini yakale ya njinga yake yamoto. Inakhala pamenepo miyezi isanu ndi itatu ngati mlendo woiwala kwawo, mpaka mkazi wake anaipezera ntchito. M'mawa uliwonse ankaikapo beseni posambitsa mwana, poti msana unkamupweteka akawerama kwambiri.

Mphenzi silinali dzina la pa pasipoti. Analitola ku kalabu ya okwera njinga zamoto, kumene munthu amasiya dzina la makolo pageti n'kuvala lina pamodzi ndi jekete lachikopa. Pamsewu dzinalo linkamukhala ndithu. Koma kunyumba mkazi wake ankati mphenzi imeneyi imang'anima Lolemba n'kudzagunda Loweruka. Babu la kubafa likapsa, mawa. Chitseko chikayamba kulira, mawa. Mpope ukamadontha, mawa lomwelo.

Mkaziyo, amene a ku kalabu ankangomuti alamu, mtima wake sunkakhala m'malo. Anali munthu wowerenga chilichonse: kapepala ka m'bokosi la mankhwala, deti la pa chitini cha mkaka, ngakhale timalemba ta kuseri kwa paketi ya sopo. Chibadwire mwana wawo wamkazi, khalidweli linachita kunyanya. Mwanayo anali atangoyamba kukwawa, ndiye maso a mayi ake sankachoka pansi, kusakasaka kamsomali kapena kanati kamene bambo ake agwetsa.

Chaka chimenecho kalabu inagwirizana zokachitira msonkhano wake waukulu kunja kwa dziko, kumene anzawo a tsidya lina la malire anawaitana. Njinga makumi awiri ndi zinayi zinayenera kukalowa m'tauni ya eni ake zitandondozana, mbendera ya kalabu ili patsogolo. Mbenderayo inamugwera Mphenzi. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akumeza utsi wa anzake kumbuyo, ndipo tsopano inali nthawi yakuti anzakewo amezeko wake. Akazi ndi ana anauzidwa kuti adzatsatira pa minibasi yonyamula matayala ndi masipanala.

Kutatsala miyezi iwiri, a Tcheyamani anatumiza pa foni mndandanda wa zofunika pa boda. Mphenzi anangouponyera diso n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Mkazi wake anauwerenga katatu, kachinayi anachita kuukopera m'kope.

Choyamba chimene anatulukira chinali chakuti pasipoti ya mwamuna wake inatsala ndi miyezi inayi kuti ithe, pamene mndandanda unkafuna isanu ndi umodzi. Apo sanadikire mawa la munthu. Anabereka mwana n'kumukoka bamboyo ngati mbuzi yokana msika mpaka ku ofesi. Mapasipoti atatu atatuluka, Mphenzi anakawaonetsa ku kalabu n'kuwalangiza anzake kuti zinthu izi zimafunika kuchitiratu.

Koma m'kope muja munatsala mzere umodzi wosachonga: manambala a m'buku la njinga afanane ndi amene ali pa njingayo.

Tsiku lina akusambitsa mwana, madzi a sopo anatayikira pa injini ija. Popukuta, nsanza inavundukula manambala ozokotedwa pachitsulo. Mayiyo sakanatha kuona manambala osawawerenga. Anakatenga buku la njinga m'kabati, n'kuyamba kulondola ndi chala. Anafanana onse, mpaka yomaliza.

Anamupeza mwamuna wake kuseri akupukuta njinga ndi malaya akale.

"Bambo a mwana, injini ili m'njingamu ndi iti?"

"Yatsopano ija, yomwe anandiikira makaniko. Simukumva mmene imabangulira? Iyi ikadzuka, agalu a m'dera lino amapepesa."

"Nanga buku ili ndi la iti?"

"Buku ndi la njinga."

"Ayi, buku ili ndi la injini imene ndimaikapo beseni. Ndiye kuti amene ali ndi chilolezo chopita kunja ndi uyo wakhala pakhondeyo."

Mphenzi anaseka mpaka kutsamira chishalo. "Mayi a mwana, inu mukanakhala wapolisi, dziko lonse likanagona m'chitokosi. Kalata ya makaniko ndili nayo. N'kungopita nayo ku ofesi, asintha nambala, basi. Ntchito ya theka la ola."

"Ndiye pitani."

"Mawa."

Mawa lija anakagula magalasi atsopano a njinga. Mawa linalo anakasoketsa dzina lake kumsana kwa jekete. Sabata yotsatira anafikadi pa ofesiyo, koma ataona mzere wakhotera kuseri kwa nyumba, anati munthu wonyamula mbendera sangapse ndi dzuwa chonchi, nabwerera. Mkazi wake anamata kapepala pa galasi la kuchipinda, kena pa chitseko cha firiji, kena anakalowetsa m'helemeti. Mphenzi anakapeza ali kale ku kalabu, nakawerengera anzake mokweza, onse n'kufa nako kuseka.

Mmodzi yekha sanaseke. Ameneyu anali Kanjuchi, mphunzitsi wa masamu, mkazi yekhayo m'gululo, amene kanjinga kake kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

"Alamu akunena zoona," anatero. "Ine zanga ndinaonetsa kale."

"Zanu n'zosavuta, achemwali," anayankha Mphenzi. "Pa boda makina osokera ngati kanjinga kanuko sawafunsa mapepala."

Lachisanu lomaliza mkazi uja anayeseranso. Mphenzi anamugwira paphewa mwachikondi. "Pa boda amaona nkhope ndi pasipoti. Ndani angadetse yunifolomu yake kukwawira pansi pa njinga? Ndikadzabwerako ndidzakonza."

Loweruka ananyamuka dzuwa litangotuluka. Mphenzi anali patsogolo, mbendera ikupepeluka pa kandodo kumbuyo kwa chishalo, chifuwa chili nganganga. M'minibasi mkazi wake anafumbata chikwama cha mapasipoti ngati muli mazira, ndipo pofika pa boda anali atachitsegula kasanu ndi kawiri kuona ngati sanathawemo.

Pa zenera la mapasipoti zinayenda ngati madzi. Chidindo chinagwa pa ya bambo, pa ya mayi, pa ya mwana. Mphenzi anatembenuka n'kutsinzinira mkazi wake diso limodzi.

"Mwaona? Kudandaula konse kuja."

Kenaka anawauza kuti njinga zonse aziimike pabwalo la kuseri. Kunatulukira ofisala wina wachikulire, woyenda mosapupuluma, magalasi ali pamphuno, tochi yaing'ono ili m'manja. Anayambira kumapeto kwa mzere. Pa njinga iliyonse ankalandira buku, mwini wake n'kumuonetsa pamene pali nambala, iye n'kuwalitsa tochi, n'kugwedeza mutu. Kanjuchi anamupatsa mapepala ake ali m'kafayilo ka pulasitiki, ndipo sipanathe mphindi ziwiri. Mkazi wa Mphenzi anaima chapatali, mwana ali kumsana, akuwerenga njinga zotsala. Zisanu. Zitatu. Imodzi.

"Njinga yokongola," anatero ofisalayo. "Tiwerengereni nambala ya injini, bambo."

Nambalayo inali pansi penipeni, kuseri kwa paipi ya utsi. Mphenzi anagwada. Sanaione. Anagwira pansi ndi manja onse awiri, nazungulira mbali inayo chokwawa, jekete latsopano lija likusesa fumbi. Paipi inali ikadali yotentha, ndipo inamupatsa moni pa chigongono.

"Pachita dothi, bwana. Sizikuoneka bwino."

"Tili ndi nthawi. Pukutani."

Mkazi wake anasolola kansalu kopukutira mwana n'kumupatsira. Mphenzi anapukuta pang'onopang'ono, ngati kuti akapukuta mwaulemu manambalawo amumvera chisoni n'kusintha. Anayamba kuwerenga ndi mawu a munthu wodwala chimfine. Ofisala ankalondola m'buku ndi cholembera. Pa nambala yachitatu cholembera chinaima.

"Bwerezani."

Anabwereza.

"Bambo, inu ndakudziwani, pasipoti yanu ndi iyi. Koma njinga iyi sindikuidziwa. Injini ya m'buku muno ili kuti?"

Mphenzi, akadali chogwada, anatsegula pakamwa kuti ayambe nkhani yaitali. Koma mkazi wake anali munthu woti wa yunifolomu akafunsa funso, yankho limatuluka lokha.

"Ili pakhonde, bwana. Timaikapo beseni."

Woyamba kuphulika anali a Tcheyamani, amene anayesa kubisa nkhope m'helemeti koma mapewa anawaulula. Kenaka bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Ngakhale ofisala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

Mphenzi anatulutsa kalata ya makaniko, yopindikapindika ndi yamadontho a oilo. Ofisala anaiwerenga mpaka pansi n'kuibweza ndi manja awiri.

"Kalatayi ndi yabwino, koma si ya ine. Inayenera kupita ku ofesi imene inakupatsani bukuli. Ndikakulolani pano, anzanga a tsidya ilo akaigwira ngati yakuba, ndipo mukagona kumene simunakonzeko. Inu dutsani. Njinga itsala."

A Tcheyamani anachonderera. Anatchula zaka za kalabu, anatchula anzawo amene akudikira, anatchula ngakhale mwana ali kumsanayo. Ofisala ankangovomera ndi mutu chilichonse, koma cholembera chinali chitabwerera kale m'thumba. Ofesi yosintha manambala inali kutali, ndiponso Loweruka sinkatsegula.

Njinga anaikankhira mu shedi ya pa boda, pakati pa mafiriji ndi matumba a anthu ena osowa mapepala. A Tcheyamani anamasula mbendera mwakachetechete n'kuyang'ana gulu lonse.

"Amene anayamba kumaliza zonse ndani?"

Onse analoza Kanjuchi. Kanjuchi anamangirira kandodo kaja kumbuyo kwa kanjinga kake. Asanavale helemeti anayang'ana Mphenzi.

"Achimwene, mpando wakumbuyo ulipo. Makina osokera amanyamulanso anthu."

Mphenzi anathokoza, nati bondo likumuvuta.

Gulu linalowa m'tauni ya eni ake masana, anthu atandanda m'mbali mwa msewu, akuomba m'manja ndi kujambula ndi mafoni. Patsogolo pankalira kanjuchi, pambuyo pake mabingu makumi awiri ndi awiri. Kumapeto kwenikweni kunkabwera minibasi, ndipo pa mpando wakumbuyo, pakati pa matayala awiri, panakhala mwamuna wovala jekete lolembedwa MPHENZI, helemeti ili pamiyendo, chikwama cha matewera chili paphewa. Utsi wa anzake unkalowa pa zenera monga mwa zaka zonse.

Mkazi wake anamuyang'ana kangapo, chisoni ndi chiseko zikulimbana pakhosi. Anatulutsa mafuta a mwana n'kumupaka pa chigongono chopsa chija.

"Musadandaule," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona mmene munazungulirira njinga ija. Mwanayu akamakwawa amagwa chammbali, koma inu simunagwe ngakhale kamodzi."

Mphenzi anapumira m'mwamba. "Lolemba ndilawirira ku ofesi."

"Lolemba liti?"

"Likubwerali, mayi a mwana. Mundidzutse."

Mayiyo anatulutsa kope lake n'kulemba tsikulo, kenaka anamupatsa cholembera kuti asayine. Bamboyo anasayina osatsutsa, maondo a thalauza lake ali mbuu ndi fumbi la pa boda. Akuluakulu sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.