Mapazi a Mwana wa a Ulimbo

Masiku awo ankawatcha a Ulimbo, chifukwa mpira ukagwera m'manja mwawo sunkachokamo. Mawondo atayamba kudandaula anasiya kutchinga pagolo, n'kukhala mphunzitsi wa timu ya atsikana ya kampani ina yophika buledi. Goloboyi wa timuyo anali mwana wawo, mmodzi yekhayo amene malemu akazi awo anawasiyira.

Anamuphunzitsa zonse zimene ankadziwa: kugwa osathyola phewa, kuwerenga chiuno cha womenya penate, kukalipira anzake oteteza kumbuyo. Koma mapazi sanawakhudze. Pa nthawi yawo, mnzako akakubwezera mpira unkangoutola. Lamulo loletsa zimenezo linabwera iwo atakhwima kale.

Mphunzitsi wa timu yaikulu ya mumzinda wina atabwera kudzapempha mtsikanayo, a Ulimbo anamulandira ndi tiyi.

"Manja ali nawo," anatero mlendoyo. "Ndipatseni ndikamuphunzitse mapazi."

"Mapazi ngoyendera, achimwene. Pagolo sitivinapo. Mwanayu sapita."

Mtsikanayo anamva ali kukhitchini. Anangokhalitsa potsuka makapu.

Tsiku lolimbirana chikho, mnzake wina atapanikizidwa anamubwezera mpira. Mtsikanayo anawerama kuti autole, n'kukumbukira lamulo, n'kuweramuka. Mpira unamugunda pamsongolo, mdani n'kungoukankhira muukonde. Bwalo lonse linamuwowoza. A Ulimbo anazyolika, poti kuwerama kumeneko anakuzindikira: kunali kuwerama kwa iwo eni.

Atafika kunyumba, mtsikanayo anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Pepani ababa, ndakuchititsani manyazi."

"Wachita zimene ndinakuphunzitsa, mwanawe. Zanga zathera pomwepo." Anakhosomola pang'ono. "Bambo uja ndimuimbira foni."

"Nanga inu muzidya chiyani ine ndikapita? Paja mumapsereza ndi madzi omwe."

"Ndimagwira ntchito kophika buledi, mayi iwe. Sindifa."

Anaseka onse awiri, osayang'anana.

Kudepoti a Ulimbo anamunyamulira mwana wawo chikwama mpaka pakhomo la basi, n'kumuuza kuti azimvera aphunzitsi atsopanowo ngakhale pamene akutsutsana ndi bambo ake. Basi itanyamuka anaima kaye, manja m'matumba, mpaka inakhota. Nyumba anakaipeza itawakulira, koma sanadandaule kwa munthu. Anali atavomera zimene akale ananena, kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.