Mzere wa a Tcheya Chimbalanga

Pa siteji ina ya kabaza wa njinga zakapalasa panali tcheya, a Chimbalanga, amene anathetsa zisankho. Ankati, "Tili pa nkhondo ndi a njinga zamoto. Pankhondo savota."

Tsiku lina anaitana Dzonzi, wakabaza wolongolola. "Mawa uime pagulu, ulengeze kuti ndine tcheya wamuyaya. Ukakana, pano usadzanyamulenso munthu."

"Bwana, pakamwa panga pokha pachepa," anatero Dzonzi. "Adani adzati mwandiopseza. Bwanji anthu afole kumbuyo kwanu ngati kale, dziko lonse lione? Ine ndinamizire kupikisana nanu. Ndani angaime kumbuyo kwa mmphawi ngati ine?"

A Chimbalanga anaseka mpaka kutsokomola. M'mawa mwake analengeza okha kuti wa mzere waufupi achoke pa siteji. Monga mwa mwambo, onse awiri anawamanga nsalu kumaso.

Anthu ataona kuti maso oopsa aja aphimbidwa, mantha anawathera. Mapazi anamveka gubudu gubudu, a Tcheya n'kumamwetulira. Anyamata awo awiri owateteza anayang'ana uku, kuyang'ana uko, kenako ananyang'ama kupita kumene kunali gulu.

Nsalu itamasulidwa, a Chimbalanga anacheuka. Kumbuyo kwawo kunali njinga yawo yokha, nayonso itagwa.

"Nanga nkhondo ija?" anakuwa.

"Nkhondo ilipo, bwana," anayankha mmodzi wa anyamata aja, ali kumbuyo kwa Dzonzi. "Kungoti a njinga zamoto aja ndi awa tafola nawowa. Mdani amene watsala ndinu nokha."