Munsi Wachiwiri wa Mwandida

Kalekale, m'mudzi wina wa patsinde pa phiri, munamwalira mayi wotchedwa Mwandida. Mayiyu anali waukali. Akakwiya ankaswa miphika ndi kutukwana aliyense. Anthu asanamete maliro ake, mng'ono wake anabereka mwana wamkazi. Azamba ataona kadontho kakuda pakhosi pa khandalo, anafuula kuti, "Ogo! Malemunso anali nako pomwepa. Wabwerera!" Motero mwanayo anapatsidwa dzina la malemu.

Mwandida wamng'ono anakula ali wofatsa. Ankakonda kukhala pansi pa mtengo wa msuku, n'kumayang'ana nyerere zikukoka udzu. Koma anthu sankaona iyeyo ayi, ankaona malemu. Akalira, ankati, "Ukali uja wayamba." Akakhala chete, ankati, "Akuusunga mumtima." Akaseka, ankati, "Malemunso ankaseka chomwecho asanamenye munthu."

M'mudzimo atsikana ankasinja awiriawiri pa mtondo umodzi. Wina akakweza munsi, mnzake ankatsitsa wake: thi-thi! thi-thi! nyimbo ili pakamwa. Koma palibe mayi amene ankalola mwana wake kuima pafupi ndi Mwandida atagwira munsi. Iye ankasinja yekha kuseri kwa nkhokwe. Thi! Kenako zii. Thi! Kenako zii. Pamene pakanagwa munsi wachiwiri m'pamene mtima wake unkawawa.

Chaka china m'mudzimo munabwera Nasimango, mkazi wokwatiwa kuchokera kutali, amene sankadziwa mbiri ya malemu. Atamva munsi ukulira wokha, anatenga wake n'kupita kuseri kwa nkhokwe.

"Mnzanga, chimanga chonsechi nokha? Senderani, msana si mwala."

Mwandida anasendera. Thi-thi! Thi-thi! Mtondo wake unayankha koyamba chibadwire. Anayesa kuimba, mawu n'kumatuluka monjenjemera, ndipo Nasimango anaseka n'kumulandira nyimboyo.

Posakhalitsa anatulukira apongozi a Nasimango, amayi ena ali pambuyo.

"Nasimango, siyani munsiwo. Ameneyo sayandikiridwa."

"Kodi analakwanji, amayi?"

"Sanalakwebe. Tikudikira."

Mwandida anati, "Amayi, ine ndinaswa mphika wa yani? Ndinatukwana yani?"

"Mwawamva mawuwo? Enieni a malemu!"

Apongozi aja anamugwira dzanja Nasimango n'kumukoka. Mwandida anayang'ana munsi wachiwiri uli gone m'fumbi. Zonse zimene anameza kuyambira ali mwana zinakwera kukhosi. Anakweza munsi wake ndi mphamvu zonse, naugwetsa. Mtondo uja ng'aa! Chimanga mbwee!

Mukuganiza kuti amayiwo anaopa, ana inu? Ayi. Nkhope zawo zinawala ngati za anthu amene mvula yawagwera m'munda. "Tinanena ife! Tinanena!"

M'mawa mwake Mwandida anasenza munsi wake n'kuwoloka phiri. Anayenda, anayenda, mpaka anafika m'mudzi umene munalibe womudziwa. Anapeza amayi akusinja.

"Takulandira, mwanawe. Dzina lako ndani?"

 Mwandida anangoyang'ana pansi, monga ankachitira kwawo, n'kudikira kuti amunene.

"Wamanyazi uyu," anatero mayi wina. "Musiyeni, adzanena akazolowera. Bwera kuno, mwana wanga, mnzanga wapita kukayamwitsa."

Thi-thi! Thi-thi! Misozi inagwera mumtondo, ndipo mayiyo anakhala ngati sanaione.

Kwawo kuja, mtondo wong'ambika sanautaye. Anauimika pabwalo kuti aziusonyeza ana, amvekere, "Onani ntchito za Mwandida." Nasimango yekha ndiye ankaudutsa atayang'ana kumbali. Mvula itagwa, m'mudzimo munabadwa khanda lina. Lisanayamwe n'komwe, azamba anali atawerama kale, akulifufuza pakhosi.

Nthano yanga yaima pamenepa, munsi ndautsamiritsa pa nkhokwe. Mwana aliyense amabadwa ndi mtima wakewake, choncho yambani mwamudziwa musanamuuze kuti iye ndi ndani.