Mzati Wofiira wa Alamu

Pakampani ina yophika buledi panali mayi amene anzake anamupatsa dzina loti a Maloboti, potengera magetsi apamsewu aja. Ntchito yake inali yokonza matchati pakompyuta, oonetsa mmene nthambi za kampaniyo zikuyendera. Nthambi iliyonse inali ndi mzati wake patchati, ndipo mayiyu anaika lamulo m'pulogalamu: buledi wobwezedwa ndi masitolo akakhala wochepa, mzati ubiriwire, akayamba kuchuluka, ukhale wachikasu, akapyola muyezo, ufiire. Mitunduyo inkasintha yokha, osayang'ana nkhope ya munthu. Anthu otere ndi ofunika kuwavulira chipewa, ngakhale kuti kukhala nawo pachibale kumawawa.

Kutatsala masiku ochepa kuti eni kampani achite msonkhano, mzati wa nthambi ya kumsika unafiira psuu. Woyang'anira nthambiyo sanali mlendo, anali mwamuna wa mkulu wawo wa a Maloboti. Bamboyo analowa mu ofesi thukuta lili kamukamu, n'kudzikokera mpando.

"Alamu, nkhani yake ndi yaing'ono," anatero. "Kamzati kangako mungokapaka kobiriwira pamanja. Msonkhano ukatha mudzabwezeretsa."

"Kupaka sikuvuta, alamu," anayankha a Maloboti. "Koma mzati wopakidwa pamanja sumveranso lamulo. Umabiriwirabe ngakhale uvuni itazima."

"Ndiye kwezaniko muyezowo pang'ono."

"Ndikakweza ndakwezera nthambi zonse. Odwala onse aoneka ochira."

Bamboyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ntchito ikandithera, ana a akulu anu azidzadya tchati chanucho?"

Mawuwa anawalasa mtima a Maloboti, pakuti anawo ankawakonda ngati obereka okha. Komabe sanagwedezeke. Anadina pamzati wofiirawo, n'kuugawa pawiri: buledi wophikidwa m'mawa ndi wophikidwa masana. Wam'mawa unabiriwira, wamasana unafiira. "Vuto lili apa, alamu, taonani," anatero. Alamuwo anangoponyako diso limodzi, n'kutuluka chitseko chili pha.

Kuyambira tsikulo mkulu wawo anasiya kuyankha foni. Atakumana pa ukwati wa msuweni wawo, anangopatsana moni wa pakamwa ngati anthu okumana m'basi. A Maloboti analira m'galimoto pobwerera, koma Lolemba lamulo lija linali pomwepo.

Pamsonkhano, mwini kampani analoza mzati wofiirawo n'kuuza alamuwo kuti mwezi ukatha zinthu zili chomwecho, adzasiye makiyi patebulo. Amene anaomberedwa m'manja anali woyang'anira nthambi yatsopano ya kudepoti, mnyamata wa lilime lotsekemera amene ankadzikonzera yekha tchati chake. Mzati wake unali wobiriwira ngati msipu wa m'dzinja, poti anali ataupaka ndi dzanja lake.

Manyazi ndi mantha zinawakumbutsa alamuwo zimene anaona ndi diso limodzi lija. Masana ena anasiya mpando wawo n'kukaima pafupi ndi uvuni. Anapeza kuti labala wa chitseko chake anali atatha, moti uvuni ikatsegulidwatsegulidwa m'mawa wonse, pofika masana kutentha kunkathawa. Buledi ankatuluka wokongola kunja, m'kati ali phala. Anaitana wokonza, kenako anayenda sitolo ndi sitolo kupepesa. Mzati uja unasanduka wachikasu, ndipo mwezi usanathe unabiriwira wokha, popanda woukhudza.

Ku depoti nakonso buledi ankabwezedwa, koma kunalibe chowachenjeza. Masitolo anatopa, n'kumachoka mmodzimmodzi mwakachetechete. Tsiku limene eni kampani anakhoma loko panthambiyo, antchito ataima panja manja ali m'khosi, mzati wake pakompyuta unali ukadali wobiriwira.

M'mawa wotsatira alamu aja anafikanso ku ofesi ya a Maloboti. Ulendo uno anagogoda. Anaika buledi wotentha patebulo, n'kumunyema pakati kuti aoneke m'kati.

"Uyu ndi wamasana adzulo kapena wam'mawa uno?" anafunsa a Maloboti monyogodola.

"Onse afanana tsopano," anayankha alamuwo, maso ali pansi. "Mukanandimvera tsiku lija, bwenzi loko uja ali pachitseko changa. Akulu anu akuti mubwere Lamlungu, ana akufunsa."

A Maloboti anatafuna buledi uja pang'onopang'ono. Alamuwo atafika pakhomo anatembenuka. "Mzati wanga ukadzangoyamba chikasu, musadikire kuti ufiire. Mudzandiimbire."

Akuluakulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.