Kandulo ya Tiferanji

Kalekale, ana inu, m'mudzi wina wa kuseri kwa mapiri munali mayi dzina lake Nakwenda. Ulemu anali nawo wosefukira, koma kufunsa ayi. Akasokera njira, ankalolera kuzungulira phiri lonse kusiyana n'kutsegula pakamwa.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Tiferanji, anadwala. Mizu inalephera. Kutemera kunalephera. Mwana anangotsala maso okha.

Anthu anati, "Pitani kunyanja, kunyumba ya amonke ija. Mukayatse kandulo ya phula, mukatchule dzina la mwanayu."

Nakwenda anayenda, nayenda, nayenda. Dzuwa lili paliwombo anaiona nyumbayo itakhala pathanthwe, madzi akuinyambita m'munsi. Inali yamiyala, yakuda ndi ndere, yakale kuposa makolo a makolo athu. Munkakhala amuna a ndevu zazitali ndi mikanjo yakuda, osakwatira, ntchito yawo kupemphera basi.

Analowa. M'katimo munali mdima ndi fungo la lubani. Pamakoma ponse anajambulapo anthu oyera a maso akuluakulu. Akapita uku, maso akumutsata. Akabwerera uku, maso akumutsata. Nakwenda anagwidwa nthumanzi.

Malo ozikapo makandulo anali awiri: mbale ya mchenga pamwamba, ina pansi penipeni. Pakhomo panakhala mmonke wokalamba, Bambo Makariyo. Nakwenda akanangotembenuka n'kufunsa, bwenzi nthano ino kulibe. Koma iye anati mumtima, "Kwathu mphatso ya wamkulu timaipereka chogwada, n'kuiika pansi." Anagwada. Anazika kandulo yake m'mbale yapansi. Anatchula, "Tiferanji."

Panja nyanja inabuula ngati ng'ombe.

Mkulu uja anabwera chotsimphina. "Pepani mayi. Anatisiya liti Tiferanjiyo?"

"Ali moyo, bambo. Akudwala chabe."

Mkuluyo anati, "Mayi, pamwambapa ndi pa amoyo. Pansipa ndi pa akufa, amene nyanjayi inawameza. Kandulo ikatha, wotchulidwayo amatsatira anzake."

Nakwenda anatembenuka msanga. Anayang'ana pansi paja. Makandulo anali mbwee, onse oonda, onse achikasu, onse akusungunuka. Yake inali iti?

"Musakhudze," anatero Bambo Makariyo. "Ndinaona pamene munazika. Dikirani ndigwade, ndikuonetseni."

Koma maondo a nkhalamba sapindika msanga, ndipo phula linali kudontha. Nakwenda anatsomphola kandulo imodzi. "Ndi iyi, ndaidziwa." Anaizika pamwamba, n'kuliyatsa liwiro la kumudzi. Mkulu uja anaitana, naitana. Iye osacheuka.

Panjira anaona mapazi. Akuluakulu, onyowa, pafumbi louma gwa. Ankachokera kunyanja. Iye akakhota, mapazi anali atakhota kale. Iye akatsika, mapazi anali atatsika kale. Anadutsa dambo, anadutsa manda, anakalowa pakhomo pake penipeni.

Nakwenda anakankha chitseko. Pamphasa ya Tiferanji panakhala munthu wosamudziwa, wotuwa ngati phulusa, ndere zili m'tsitsi, madzi akuchucha m'zala.

"Zikomo mayi," anatero munthuyo. "Mwandikweza pa amoyo. Pansi paja kumazizira."

Nakwenda anafunsa, "Mwana wanga ali kuti?"

"Tapambana panjira. Anandifunsa kolowera kunyanja, ine n'kumulozera. Muli ndi mwana wabwino, mayi. Amafunsa."

Nakwenda anathamangira pabwalo. Ndi pamene anaona zimene liwiro linamubisira: pambali pa mapazi onyowa aja panali timapazi touma, tolunjika kunyanja. Anatitsata akuitana dzina la mwana wake, mpaka pamene mchenga umathera ndi madzi amayambira. Apo timapazi tinalekeza.

Sendezani chikuni icho, ana inu, nthano yanga yagona pomwepa. Safunsa anadya phula.