Wailesi Yatha Mabatire

Pa msewu wa ogulitsa zitsulo panali shopu ina yopapatiza, yonunkha vanishi ndi waya wopserera, momwe munkagwira ntchito bambo wina wokulunga mamota. Pampu ikapsa, chigayo chikaima, anthu ankanyamula mota kupita nayo kumeneko. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi ochepa, poti msewu wonse unkangowatchula kuti a Wailesi. Bamboyo ankayankhula, abale inu. Pakamwa pankatseguka limodzi ndi chitseko cha shopu, ndipo nkhani ikawalowa m'khutu inkatuluka isanafunde n'komwe.

Koma ntchito ankaidziwa. Mota ikabwera ikudwala sankathamangira kuimasula. Ankayamba aiyatsa, n'kugunditsa nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo chake, chigwiriro n'kuchitsamiritsa kukhutu, maso atatsinzina. Nthawi yokhayo ndi imene msewu unkapuma. Kenako ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Iyi ikulira ngati munthu wachifuwa. Mukaisiya chonchi ipsa."

Mwana wawo wamkazi anakulira pansi pa tebulo lomwelo akutola tizidutswa ta waya, ndipo anaphunzira mpaka kukhala injiniya wa zamagetsi. Atamaliza sukulu sanapite kukagogoda m'maofesi. Anapempha kachipinda ka kuseri kwa shopu, chifukwa anali ndi maganizo opanga kachipangizo kooneka ngati kabokosi, kochita zimene khutu la bambo ake linkachita: kumamatira pa mota, kumva kunjenjemera kwake, n'kudula magetsi isanapse. Iye ankalumikiza mawaya ndi timaseketi ta magetsi, bambo ake akumuuza malo abwino omatapo ndi kulira kumene kuli koopsa. Kanawavuta kambirimbiri. Nthawi zina kankazimitsa mota yabwinobwino galimoto ikangodutsa panja.

Tsiku lina masana anakamata pa mota yakale yodyeka mkati. Motayo itangoyamba kulira molakwika, kabokosiko kanati thi! magetsi n'kuduka. Anayesa pa mota yabwino, kanangokhala phee. A Wailesi anaponya chipewa m'mwamba n'kulunjika kukhomo, koma mwana wawo anawagwira malaya.

"Mukupita kuti, Bambo?"

"Kukauza anthu, nanga! Msewu wonse umve zimene mwana wanga wachita."

"Khalani pansi kaye," anatero mtsikanayo. "Chinthuchi ndikufuna kuchitengera patenti, chiphaso chosonyeza kuti luso limeneli ndi lathu, wina asapange popanda ife kulola. Koma chiphasocho amapereka pa chinthu chatsopano chokha. Mukachionetsa pagulu tisanapereke pempho lathu, wina n'kujambula, n'kufalitsa, basi chasanduka cha aliyense. Ndiyenera kuchiyesa mokwanira ndi kulemba zonse bwinobwino. Mpaka nthawi imeneyo, pakamwa mutseke."

"Ngakhale amalume ako?"

"Makamaka amalume."

A Wailesi analonjeza, koma analonjeza ngati munthu amene akumeza mankhwala owawa. Kuuza munthu wotere kuti asunge nkhani yabwino chonchi kunali ngati kumupatsa khala lamoto kuti asunge m'thumba. Miyezi inayamba kudutsa. Anzawo a pabenchi la pakhomo pa shopu akafunsa zimene injiniya akuchita kuseriko, iwo ankangoti, "Akuthandiza ntchito." Poopa kuti lilime lingaterereke, anachepetsa ndi nkhani zina zomwe, mpaka wogulitsa mabawuti wa pafupi analengeza kuti wailesi yatha mabatire. Kunyumba akazi awo anafika powagwira pamphumi, kuyesa mwina ndi malungo.

Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali kukhala chete ayi, koma zimene anthu anayamba kunena za mwana wawo. Ena ankati sukulu inamukanika, ena ankati ntchito anamuchotsa. Bambo amene ankanyadira mwana wake kuposa china chilichonse ankamva zonsezi yankho lili m'kabati, pafupi pomwepo.

Mayeso aakulu anabwera ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wokonda kuseka mokweza pagulu. Anafika masana benchi litadzaza, ali ndi mnzake, mwini munda waukulu amene mapampu ake ankapsa kawirikawiri. Tsikulo injiniya anali atapita kukagula zipangizo.

"Alamu," anayamba choncho, "ndawauza anzangawa kuti kuno kuli injiniya. Tationetsani zimene amapanga kuseriko. Kapena sukulu yonse ija inali yoti adzakuthandizeni kusesa?"

Benchi lonse linafa nacho chiseko.

"Musaseke," anatero mwini munda uja. "Ngati pali chothandiza mapampu anga, ndichione lero. Ntchito yanga yonse ndizibweretsa kuno."

Magazi anawira. A Wailesi anadzuka n'kulowa kuseri. Anatsegula kabati, natenga kabokosi kaja, ndipo mumtima anali atakonza kale mawu onse: momwe akamatire pa mota, momwe mlamu wawo akayasamire kukamwa. Atafika pa katani yotchinga khomo anasuzumira panja. Mafoni anali atatuluka kale m'matumba, ena atawakweza m'mwamba kudikira kujambula. Anatembenuka n'kuona tebulo la mwana wawo, pali kapu ya tiyi amene anazizira osamwedwa, ndi mulu wa timabokosi tolephera tomwe anakana kutaya. Anabweza kabokosiko m'kabati, nakhoma, kiyi n'kuika m'thumba.

Anatuluka atanyamula sikuludiraiva yawo yakale ija.

"Nachi chimene chili kuseriko," anatero.

Anthu anaseka mpaka misozi. Mlamu wawo anawasisita paphewa mowamvera chisoni, mwini munda anakwera galimoto yake n'kupita, ndipo mamota ake anakawapereka kwina. A Wailesi anabwerera pa tebulo lawo n'kuyamba kukulunga waya, manyazi atawagwira. Mwana wawo atabwera sanamuuze kanthu. Mtsikanayo anaimva nkhaniyo kwa wogulitsa mabawuti, ndipo anangolowa n'kuwaikira bambo ake tiyi patebulo.

Zonse zitakonzeka, mtsikanayo anawauza kuti avale jekete amuperekeze kwa loya woona za mapatenti. Ofesiyo inali pamwamba, yozizira, ya mipando yoterera. Loyayo, mayi wa magalasi, anayang'ana zojambula za kachipangizoko kwa nthawi yaitali, kenako anavula magalasi aja.

"Ndifunse funso limene ambiri amagwa nalo," anatero. "Posachedwapa ndabweza munthu wina waluso kwambiri chifukwa anasangalala msanga, n'kuonetsa makina ake pa intaneti asanabwere kuno. Analira pampando womwewo. Inu, chinthuchi chinaonetsedwapo pagulu? Alipo anajambulapo?"

Injiniya anangotembenukira kwa bambo ake.

A Wailesi anawongola jekete, nakhala tsonga. "Palibe, mayi. Ngakhale mlamu wanga."

"Ndiye zili bwino. Olitulukira lusoli tilembe ndani?"

"Anthu awiri," anatero mtsikanayo. "Ine ndi bambo angawa. Mawaya ndi anga, koma khutu limene lili m'kabokosimo ndi lawo."

A Wailesi anangotulutsa kansalu kopukutira mafuta kamene anaiwala m'thumba la jekete, n'kupukuta nako m'maso, n'kudzisiyira chizindikiro chakuda patsaya.

Pempho litalandiridwa, mwana wawo anawauza akutsika masitepe kuti, "Tsopano Bambo, yatsani wailesi." Sanadikire kuuzidwa kawiri. Anayambira kwa mlonda wa pageti, n'kupitiriza ndi amene anakhala nawo mu basi, ndipo pofika ku shopu msewu wonse unali utadziwa. Wogulitsa mabawuti anadandaula kuti mabatire atsopanowa ndi oopsa kuposa akale.

Chiphaso chenichenicho chinatenga nthawi yaitali, monga zimakhalira, koma chinabwera. Lero chili m'felemu pakhoma la shopu, pamwamba pa msomali umene amakolekapo sikuludiraiva ija. Mwini munda anabwerera yekha, ndipo mapampu ake onse ali ndi timabokosi timeneti. Mlamu wawo naye amauza aliyense kuti injiniyayo ndi mwana wa mlongo wake, ndipo a Wailesi amamulola, poti kunyada n'kokwanira onse.

Mlendo akafunsa za felemuyo, a Wailesi amafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale mlendoyo ali pachangu. Koma chimene amanyadira kwambiri si dzina lawo limene lili pachiphasocho. Amaloza katani ya kuseri ija n'kunena kuti, "Ndinaima pamenepo, chinthucho chili m'manja, anthu akundiseka, ine n'kuchibweza m'kabati." Akanatuluka nacho tsiku lija akanawomberedwa m'manja masana amodzi okha, mwana wawo n'kutaya ntchito ya zaka. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.