Kazitape ndi Mfuti za Kuchigayo

Panali munthu wina, kazitape wa boma, amene anatumizidwa ku katauni kena ka kumalire. Ntchito yake inali kumvetsera, kutsimikiza zomwe wamva, ndi kudziwitsa akuluakulu ake. Anamuphunzitsa kuti nkhani ya munthu mmodzi ndi mphekesera, koma ikamveka kwa anthu atatu osiyana, iyenera kuperekedwa.

M'katauniko munali a Chiutsi, eni chigayo, amene ankalandira malole a chimanga ochokera kutsidya kwa malire. Kazitapeyo anayamba kuwakayikira. Tsiku lina ali kometetsa, anafunsa wometayo ngati mocheza.

"Achimwene, malole aja amabweretsa chimanga chokha? Pansi pa matumba sipamakhala mfuti?"

"Ine ndimangometa mitu, akulu," anatero wometayo. "Za m'matumba sindizidziwa."

Patapita masiku, wakabaza wina anamunong'oneza kuti kuchigayo kuli mfuti. Mayi wogulitsa tomato ananena zomwezo. Mlonda wa pamsika nayenso. Kazitapeyo anawerenga kuti atatu akwana, napereka nkhaniyo.

Apolisi anabwera. Anang'amba matumba, anakumba simenti ya pansi, anatenga a Chiutsi. Sanapeze kanthu koma chimanga ndi madeya.

Pamenepo mkulu wa kuntchito anafunsa kazitapeyo kuti, "Nanga atatu akowo anamva kwa yani?"

Iye anali asanawafunse. Anabwerera kwa iwo mmodzimmodzi. Mayi wa tomato anati anamva kwa mlonda. Mlonda anamva kwa wakabaza. Wakabaza anamva kometetsa. Kazitapeyo anapita kwa wometa uja.

"Si inu nomwe, akulu?" anatero wometayo, lumo lili m'manja. "Munthu wovala bwino ngati inu sangangofunsa za mfuti popanda chomwe akudziwa. Ine ndinangochenjeza anzanga."

A Chiutsi anatulutsidwa. Koma amayi a m'katauniko anayamba kusenza chimanga chawo kupita kuchigayo cha kutali, poopa kuonekera pakhomo pomwe apolisi anakumba. Mvula isanagwe, chigayocho chinatsekedwa.

Inu amene mukuyamba ntchito ya ukazitape, musakhutire ndi kuchuluka kwa anthu onena chinthu chimodzi. Funsani aliyense kumene anachimva, ndipo mutsatire mpaka mufike pa munthu amene anaona ndi maso. Samalaninso ndi funso lomwe mukufunsa pagulu. Mukaika dzina la munthu ndi mlandu m'funso limodzi, anthu adzanyamula zonse ziwiri. Inu mudzangodzudzulidwa mu ofesi, koma mwini dzinalo adzatsala wopanda ntchito.